Walira mvula walira matope? Zimene wosewera amavomera akamalowa m'bwalo

Funso la owerenga: "Adokotala, takhala tikukangana ndi achimwene anga. Ndinamva kuti osewera akale a rugby ku Britain akusumira mabungwe awo chifukwa cha matenda a ubongo. Ine ndikuti walira mvula walira matope. Palibe anawakakamiza, ankalipidwa, ndipo aliyense amadziwa kuti rugby ndi nkhonya ndi masewera owombana. Achimwene akuti ndikulakwa. Nkhaniyi yatikhudza chifukwa mwana wanga wa zaka 16 akufuna kuyamba nkhonya. Kodi wosewera wolipidwa savomera yekha kuti tsiku lina adzavulala?"

Bambo, mwambi mwatchulawo ndi woona, ndipo ngakhale makhoti ali nawo m'chinenero chawo. Koma pa mkangano wanuwu ine ndili kumbali ya achimwene anu. Wosewera amavomeradi zinthu zina akamalowa m'bwalo, koma sanavomere zonse. Munthu wolira mvula amavomera matope amene akuwadziwa. Ngati pansi pa matopewo pali chitsime chimene mwini munda akuchidziwa koma sanakuuzeni, mukagweramo sitinganene kuti munachilira.

Ndiyambe ndi pamene mukulondola. Malamulo amene makhoti athu anatengera ku England ali ndi mfundo yakale ya m'Chilatini yoti volenti non fit injuria, kutanthauza kuti amene walola yekha chinthu sangadandaule kuti walakwiridwa. Popanda mfundo imeneyi sipakanakhala masewera a nkhonya, chifukwa kumenya munthu chibakera kumaso ndi mlandu paliponse kupatula mkati mwa zingwe zija. Wankhonya akatupa diso kapena kuthyoka mphuno sangakasume. Wampira akalimbirana mpira ndi mnzake mwachilungamo n'kuthyoka mwendo, ndi tsoka la pantchito. Ngakhale mawondo amene amadzavuta pambuyo pake, osewera amawadziwa. Ambiri amene anaduka mtsempha wa mkati mwa bondo amadzadwala nyamakazi ya bondo lomwelo patatha zaka 10 kapena 20, ndipo mnyamata aliyense wa mpira anaonapo akuluakulu ake akutsimphina. Amenewa ndiwo matope enieni, ooneka ndi maso, ndipo munthu wamkulu ali ndi ufulu wowaponda ngati wafuna.

Komabe ngakhale pa zovulala zooneka zomwezi makhoti anaika malire. Mu 1985, pa mlandu wa Condon ndi Basi ku England, wosewera mpira wamiyendo amene anathyoledwa mwendo ndi takulo yoipa anapatsidwa chipukuta misozi cha mapaundi 4,900. Khoti linati kulowa m'bwalo sikutanthauza kuti walola mnzako akutchetche mmene angafunire. Ku South Africa, khoti lalikulu la apilo linagamula mofanana mu 2012 pa mlandu wa Roux ndi Hattingh, wa anyamata a sekondale osewera rugby, pamene wina anaika dala mutu pamalo olakwika mu scrum, pomwe osewera a matimu awiri amalowetsana mitu atawerama n'kumakankhana, n'kuvulaza khosi la mnzake. Wovomera kusewera amavomera masewerawo monga mmene malamulo ake alili. Savomera chiwembu.

Mlandu umene ndimafuna muudziwe bwino ndi wa Michael Watson, chifukwa ndi wa nkhonya, masewera amene mwana wanu akufuna. Pa 21 September 1991, pa bwalo la White Hart Lane mu mzinda wa London, Watson ankalimbirana lamba ndi Chris Eubank. Ankatsogola. Mu raundi ya 11 anagwetsa Eubank, koma Eubank atadzuka anamuponyera chibakera chochokera pansi chimene chinamugwetsa chagada, mutu n'kumenya chingwe. Woyimbira anaimitsa nkhonyayo kumayambiriro kwa raundi ya 12, ndipo posakhalitsa Watson anakomoka. Magazi ankataikira mkati mwa chigaza. Zikatero mphindi iliyonse imawerengedwa, chifukwa magaziwo amapanikiza ubongo ndipo umayamba kusowa mpweya. Koma pambali pa bwalolo panalibe dongosolo lomuthandizira kupuma pomwepo, ndipo panapita nthawi yaitali asanafike m'manja mwa madokotala a opaleshoni ya ubongo. Anakhala chikomokere masiku 40, anachitidwa maopaleshoni 6 a m'mutu, ndipo anakhala zaka zingapo pa njinga ya olumala. Atasumira bungwe loyang'anira nkhonya la British Boxing Board of Control, anapambana mu 1999, ndipo khoti la apilo linagwirizana ndi chigamulocho mu 2000. Oweruza anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza. Watson anavomera zibakera za Eubank, n'chifukwa chake sanasumire Eubank. Koma sanavomere kuti akagwa, amene anakonza malamulo a masewerawo adzakhale osakonzekera kumupulumutsa. Bungwelo linagulitsa likulu lake la ku London n'kusamukira ku Cardiff chifukwa cha mlandu umenewu. Watson yekha, mu 2003, anayenda pansi mtunda wonse wa London Marathon, ndipo zinamutengera masiku 6.

Tsono tibwere ku chitsime chobisika chija, chimene ndi ubongo. Ubongo ndi chinthu chofewa kwambiri, ndipo umayandama m'madzi ochepa mkati mwa chigaza. Tengani nthochi yakupsa, muisende, muiike m'chitini cha madzi, mutseke n'kugwedeza mwamphamvu. Chitinicho sichiphwanyika, koma mukatsegula mupeza nthochi yadzola. Ndi mmene zimachitikira mutu ukagwedezeka mwadzidzidzi, makamaka ukapotoloka monga zimakhalira chibakera chikatera pachibwano. Timinyewa tating'onoting'ono tolumikiza mbali za ubongo timakokeka. Chisoti chimateteza chitini, osati nthochi, ndiye chifukwa chake osewera mpira wa ku America, masewera owombana ofanana ndi rugby, amavala zisoti zolimba koma ubongo wawo umawonongekabe. Kugwedezekaku kukamabwerezedwa kambirimbiri kwa zaka, mwa anthu ena puloteni ina yotchedwa tau imayamba kuunjikana mozungulira timitsempha ta magazi m'makwinya a ubongo. Matendawa amatchedwa chronic traumatic encephalopathy, mwachidule CTE. Munthu amayamba kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga, kuvutika maganizo, ndipo ena amafika posazindikira ana awo omwe. Zizindikiro zimatha kuonekera patapita zaka zambiri munthu atasiya kale masewera, ndipo kufikira lero njira yotsimikizira matendawa ndi kupima ubongo munthu atamwalira. Chowawa kwambiri n'chakuti sipafunika kukomoka. Timabampu ta tsiku ndi tsiku timene wosewera sakutiwerengera n'komwe, ta pa maphunziro Lachiwiri ndi Lachinayi, nditi timaunjikana.

Kodi osewera ankadziwa zimenezi? Yankho limasiyana malinga ndi masewera komanso chaka. Pa nkhonya zinadziwika kalekale. Mu 1928 dokotala wina wa ku New Jersey, Harrison Martland, analemba za ankhonya akale oyenda dzandidzandi ndi kulankhula ngati aledzera pamene sanamwe. Choncho wankhonya sanganene kuti dziko silinkadziwa. Koma pa masewera enawa nkhani ndi ina. Bungwe la NFL, loyendetsa mpira wa ku America, linakhazikitsa komiti yofufuza za kuvulala kwa ubongo mu 1994, ndipo linaika pampando Elliot Pellman, dokotala wa matenda a nyamakazi osati wa ubongo. Kwa zaka zambiri komitiyi inkafalitsa zoti palibe umboni woti osewera amawonongeka ubongo mpaka kalekale. Mu 2002 Mike Webster, katswiri wa timu ya Pittsburgh Steelers, anamwalira ali ndi zaka 50 atavutika ndi kusokonekera mutu mpaka kumagona m'galimoto. Amene anapima thupi lake anali Bennet Omalu, dokotala wobadwira ku Nigeria. Ubongo wa Webster unkaoneka bwinobwino ndi maso, koma Omalu ataupima ndi maikulosikopu anapeza tau uja. Atafalitsa zimene anapeza mu 2005, madokotala a komiti ya NFL analembera magaziniyo kuti ichotse nkhani yakeyo. Panapita zaka mpaka mu March 2016 pamene mkulu wina wa NFL, Jeff Miller, anavomera pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya ku America kuti pali kugwirizana pakati pa masewerawa ndi CTE.

Ndiye tangoganizani, bambo. Mnyamata wa mu 1998 wagundidwa mutu, wafunsa dokotala wa timu, ndipo wauzidwa kuti palibe chodetsa nkhawa, abwerere m'bwalo. Lero ali ndi zaka 50 ndipo sakumbukira njira ya kunyumba kwake. Tinganene bwanji kuti anavomera chinthu chimene omulemba ntchito ankamutsimikizira kuti kulibe? Osewera akale oposa 4,500 anasumira NFL, ndipo mu 2013 bungwelo linalola kupereka madola 765 miliyoni, ngakhale silinavomere kuti linalakwa. Woweruza anaona kuti ndalamazo sizingakwane, ndipo mgwirizano wopanda malire a ndalama unavomerezedwa mu 2015. Ndiyenera kuwonjezera chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima. Poyeza amene akuyenera kulandira chipukuta misozicho, ankagwiritsa ntchito muyeso woganizira kuti osewera akuda anali ndi nzeru zocheperapo kuyambira pachiyambi, zimene zinkachititsa kuti wakuda avutike kusonyeza kuti ubongo wake watsika. Muyeso umenewu unasiyidwa mu 2021 osewera akuda atadandaula ku khoti.

Mwina mukuti zimenezo ndi za ku America, ife kuno timasewera mpira wamiyendo. Nawonso uli m'gulu lomweli. Jeff Astle, wogoletsa zigoli wa West Bromwich Albion amene ankatchuka ndi kumenya mpira ndi mutu, anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 59 atadwala matenda oiwalaiwala. Wofufuza za imfa yake anagamula kuti anafa ndi matenda otengera kuntchito. Mu 2014 dokotala Willie Stewart wa ku Glasgow atapimanso ubongo wake anapeza CTE. Mu 2019 gulu la Stewart linafalitsa kafukufuku wa osewera akale 7,676 a ku Scotland, ndipo linapeza kuti ankamwalira ndi matenda owononga ubongo kuwirikiza pafupifupi katatu ndi theka poyerekeza ndi anthu wamba. Atawagawa potengera malo osewera, magoloboyi sanasiyane kwenikweni ndi anthu wamba, pamene otchinga kumbuyo, amene amamenya kwambiri mpira ndi mutu, chiopsezo chawo chinali chowirikiza pafupifupi kasanu. Mwa osewera 11 a England amene anasewera fainolo ya World Cup mu 1966, asanu anadwala matenda oiwalaiwala: Ray Wilson, Martin Peters, Jack Charlton, Nobby Stiles ndi Bobby Charlton. Ndani anawauzapo anthu amenewa ali anyamata kuti hedi ingadzawaiwalitse mayina a akazi awo? Nanga anyamata athu otchinga kumbuyo m'matimu a kuno, ndani anawauzapo?

Mawu aja akuti matenda otengera kuntchito ife sitiyenera kuwamva ngati achilendo. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ankadziwa kuti mgodi umagumuka, kuti mwala ukhoza kukuphwanya mwendo. Zimenezo anazivomera chifukwa cha umphawi ndi msonkho. Koma fumbi la miyala limene linkawadya mapapo pang'onopang'ono, n'kudzawapha ali kumudzi patatha zaka, eni migodi ankalidziwa bwino kuposa iwo, ndipo anali ndi njira zolichepetsera. Palibe wa ife amene angaimirire pa maliro a munthu wotere n'kunena kuti walira mvula walira matope, poti ankalipidwa. Mu 2018 makampani 6 a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka marandi 5 biliyoni kwa odwala silicosis, matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi lija, ndi chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizilipira ogwira ntchito akalewo, kuphatikizapo ochokera m'mayiko oyandikana nawo monga Malawi. Malipiro a pamwezi amagula thukuta la munthu. Sagula ufulu wa bwana womubisira zoopsa.

Sindikufuna kukuopsezani ndi manambala osawafotokoza. Mudzamva kuti mu 2017 ofufuza a ku Boston University anapeza CTE mu ubongo wa osewera akale a NFL 110 mwa 111. Ndi zoona, koma ubongo umenewo unaperekedwa ndi mabanja amene ambiri mwa iwo ankaona kale kuti m'bale wawo sali bwino, choncho sizitanthauza kuti pafupifupi wosewera aliyense amadwala. Pa kafukufuku wa ku Scotland uja, amene anafa ndi matenda owononga ubongo anali pafupifupi 1.7 mwa osewera 100 alionse, poyerekeza ndi 0.5 mwa anthu wamba, ndipo osewerawo ankafa mocheperapo ndi matenda a mtima ndi khansa ya m'mapapo. Masewera amalimbitsa thupi, zimenezo sitikana. Chimene chikuonekera bwino n'chakuti chiopsezo chimakula malinga ndi kuchuluka kwa zaka zimene mutu wakhala ukugundidwa, ndipo mu 2022 bungwe la boma la America lofufuza za umoyo linanena poyera kuti kugundidwa mutu mobwerezabwereza kumayambitsa CTE.

Pali mbali inanso imene mabuku a malamulo saifotokoza mokwanira, koma ine ndinaiona ndi maso. Ndili wachinyamata pa ntchitoyi, ndinkakhala pa benchi ya timu ina ya mpira Loweruka lililonse. Tsiku lina m'chigawo chachiwiri panabwera kona, ndipo wotchinga kumbuyo wathu anawombana mutu ndi wa timu inayo. Phokoso lake tinalimva tili pa benchi, ngati munthu waswa dzungu. Mnyamatayo sanakomoke. Anadzuka yekha, anzake n'kumuthira madzi pamutu. Nditamufunsa kuti zigoli zili bwanji anandiyang'ana kaye, kenaka anayankha molakwika. Nditamufunsanso kuti tikugoletsera mbali iti, analoza uku akukayika. Koma anandigwira pamkono mwamphamvu n'kunena kuti, "Adokotala, chonde musanditulutse, lero kwabwera anthu odzandiona." Kumbuyo kwanga kochi ankakuwa kuti ali bwino ameneyo, ndi mwamuna. Ndinamulola kubwerera. Anasewera mphindi ngati 10 akuthamangira kumene kulibe mpira, mpaka ndinaumirira kuti atuluke. Pobwerera anasanza m'minibasi, ndipo tinakhota kupita naye kuchipatala. Anachira. Koma mmawa wake sankakumbukira konayo, sankakumbukira kundigwira pamkono, sankakumbukira n'komwe mawu amene anandiuza. Ndakhala ndikudzifunsa kuyambira tsiku limenelo kuti amene anavomera kubwerera m'bwalo uja anali ndani. Chiwalo chimene munthu amavomerera nacho ndi chomwecho chimene chinali chitavulala. Udindo unali wanga, ndipo ndinaupereka kwa munthu amene pa nthawiyo sakanatha kuusenza.

Zimenezi sizichitika m'mabwalo afumbi okha. Pa fainolo ya World Cup ya 2014 ku Brazil, Christoph Kramer wa Germany anagundidwa mutu ndi phewa la wosewera wa Argentina, n'kupitiriza kusewera pafupifupi kotala la ola asanatulutsidwe. Woyimbira, Nicola Rizzoli, anafotokoza pambuyo pake kuti Kramer anabwera kudzamufunsa ngati masewerawo analidi fainolo. Kuopsa kwake n'kwakuti ubongo umene wagwedezeka kale ukagundidwanso usanachire ukhoza kutupa mwadzidzidzi, makamaka mwa achinyamata. Rowan Stringer, mtsikana wa zaka 17 wosewera rugby ku Ottawa, anamwalira mu 2013 atagundidwa mutu kangapo m'masiku ochepa. Anali atauza anzake pa foni kuti mutu ukumupweteka, koma sanauze makolo kapena aphunzitsi. Chigawo cha Ontario chinakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake mu 2018, lokakamiza kuti wosewera wokayikitsa atulutsidwe ndipo asabwerere asanaonedwe ndi achipatala.

Mawu a mnyamata wanga uja, oti kwabwera anthu odzandiona, akuyankhanso mfundo yanu yoti palibe anawakakamiza. Kuvomera kumakhala ndi tanthauzo ngati munthu akanathanso kukana. Chris Borland wa timu ya San Francisco 49ers anasiya mpira wa ku America mu 2015 ali ndi zaka 24, atangosewera chaka chimodzi, atawerenga yekha za CTE. Ameneyo anasankhadi, koma anali ndi digiri komanso banja lomuchirikiza. Wankhonya wa kwathu kuno amene waitanidwa kukamenya kunja patangotsala masabata awiri, ndalama yake ndiyo ya lendi ndi fizi ya azing'ono ake, sakhala ndi mpata womwewo wonena kuti mutu sunandichire, dikirani. Wampira amene malo ake akudikiriridwa ndi anyamata atatu amabisa chizungulire. Tikamanena za osewera olipidwa timaganiza za ochepa amene timawaona pa TV, pamene ochuluka amasiya masewera opanda nyumba, opanda inshulansi. Ndipo pafupifupi onse anayamba ali ana, pa msinkhu umene sitingawalole ngakhale kusaina pepala la ngongole.

Osewera a rugby amene mwawatchulawo nkhani yawo inamveka mu December 2020, pamene Steve Thompson, amene anapambana World Cup ndi England mu 2003, anaulula ali ndi zaka 42 kuti madokotala amupeza ndi matenda oiwalaiwala obwera msanga, ndipo sakumbukira masewera a mpikisanowo. Iye ndi osewera anzake mazanamazana anasumira World Rugby pamodzi ndi mabungwe a rugby a ku England ndi Wales. Sakunena kuti sankadziwa kuti rugby imapweteka. Akunena kuti masewerawa atasanduka ntchito yolipidwa mu 1995, kuwombana pa maphunziro kunachuluka kwambiri, ndipo owayang'anira sanawateteze kapena kuwachenjeza mokwanira malinga ndi zimene zinkadziwika. Mabungwewo amakana kuti analakwa, ndipo kugamula ndi ntchito ya khoti osati yanga. Koma funso limene akufunsa ndi loyenera kufunsidwa.

Chimene chimanditsimikizira kwambiri n'chakuti matope ambiri amene tinkawayesa obwera ndi mvula anapezeka kuti akhoza kuchepetsedwa. Duk Koo Kim wa ku South Korea atamwalira mu 1982 atamenyana ndi Ray Mancini ku Las Vegas, bungwe la nkhonya la WBC linachepetsa maraundi olimbirana lamba kuchoka pa 15 kufika pa 12, ndipo nkhonya sizinathe. Ku America analetsa hedi kwa ana a zaka 10 kutsika mu 2015. Ku Scotland analetsa hedi pa maphunziro a ana aang'ono mu 2020, ndipo mu 2022 analetsa osewera akuluakulu kuchita maphunziro a hedi tsiku loti mawa kuli masewera ndi tsiku lotsatira masewera. Kuyambira mu 2024 malamulo a mpira wamiyendo amalola mipikisano kupereka mwayi wapadera wosintha wosewera amene wagundidwa mutu. Zonsezi zinali zotheka kale. Ngati chiopsezo chikanatha kuchepetsedwa popanda kupha masewera, ndiye kuti mbali ina ya chiopsezocho sinali ya masewera, inali ya anthu oyendetsa masewera.

Ndivomereze kuti wosewera wa lero akudziwa zambiri kuposa wa mu 1985, ndipo amene walowa m'bwalo atamva zonsezi wavomera gawo lalikulupo. Alipo osewera akale odwala amene amanena kuti akanabadwanso akanasewerabe, ndipo ine ndimawalemekeza. Moyo ndi wawo. Koma kuvomera kwa wosewera sikuchotsa udindo wa promota wobweretsa ambulansi, wa kochi wochepetsa kuwombana pa maphunziro, wa dokotala wonena kuti ayi.

Za mwana wanu. Pa zaka 16, amene akuvomera ndi inuyo, osati iye. Mabungwe a madokotala a ana a ku America ndi Canada ananena mu 2011 kuti salimbikitsa nkhonya kwa ana ndi achinyamata, chifukwa ndi masewera amene cholinga chake chenicheni ndi kumenya mutu. Ine sindikuuzani kuti mumukanize kotheratu, chifukwa ndaona anyamata amene nkhonya zinawachotsa ku chamba ndi kachasu, ndipo mwana womukaniza amakachitira kumene simukuona. Msiyeni aphunzire kudumpha chingwe, kumenya thumba, kumenya mapadi, kayendedwe ka miyendo ndi kudziteteza. Chimene muyenera kuchedwetsa ndi kuchepetsa ndicho kumenyana kwenikweni pa maphunziro, chifukwa zibakera zambiri zimene wankhonya amalandira pa moyo wake amazilandirira ku jimu, osati pa tsiku la mpikisano. Pitani nokha mukaone kumene akuphunzirira. Mufunseni kochi kuti amawamenyanitsa kangati pa sabata, ngati amawafananiza msinkhu ndi kulemera, ndiponso chimene amachita mnyamata akaona chizungulire. Akakuyankhani kuti mwamuna salira, mutengeni mwana wanu muzipita. Malamulo a nkhonya za osalipidwa amafuna kuti wogwetsedwa ndi chibakera cha kumutu apume masiku osachepera 30, ndipo kupumako kuphatikizepo ku jimu. Musalole kuti azidziumitsa madzi m'thupi pofuna kutsitsa sikelo. Pa mpikisano uliwonse funsani ngati pali wachipatala ndi galimoto yodikirira, ndipo dziwani mtunda wake, chifukwa kuno opaleshoni ya ubongo imapezeka makamaka m'zipatala zazikulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Akabwera kunyumba atagundidwa mutu, musamusiye yekha usiku umenewo, ndipo asabwerere ku jimu asanaonedwe ndi achipatala ngakhale atalumbira kuti ali bwino. Mutu ukamapwetekerapwetekera, akasanza kangapo, akamawodzera movuta kumudzutsa, akamabwereza funso lomwelomwelo, mkono kapena mwendo ukafooka, akagwa khunyu, kapena mboni ya diso limodzi ikakula kuposa inzake, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ndipo mukafika kuchipatala nenani ola limene anagundidwira.